Chikiyi cha Nano

Fulashi ija ndinapita nayo kwa mnyamata wobena mafilimu kumsika ndikufuna zina. Ndinamuuza kuti andiikire za nkhondo, zija anthu amadumpha madenga atagwira malupanga. Atamaliza anaona kuti malo atsala, ndiye anangoponyamo foda ina n'kunena kuti, "Iyi ndi yaulere, bigi, mukaseke." Dzina lake linali Nichijou. Nditafika kunyumba ndinaitsegula kamodzi, ndinaona atsikana ovala yunifomu akupita kusukulu, n'kutseka. Inakhala m'laputopu miyezi ingapo osaikhudza.

Amene anaifukula ndi mwana wa achemwali anga, kamtsikana ka Sitandade 4 kamene kanabwera kudzakhala nafe pa holide yaikulu. Usiku wina magetsi atazima kanayamba kufufuza m'laputopu mwanga ngati mmene ana amachitira, kakufuna makatuni, ndipo kanapeza omwewo. Batire ya laputopu yanga imatha isanakwane ola, pamene gawo lililonse ndi la mphindi pafupifupi 24. Choncho lamulo linadzikhazikitsa lokha: magawo awiri pa usiku, kenako kukagona. Magawo onse alipo 26. Tinatenga masabata awiri.

Panali vuto limodzi. Anthu a m'katuniyi amalankhula Chijapani, ndipo mawu a Chingerezi olembedwa pansi amathamanga kwambiri moti mwana wa Sitandade 4 sangawagwire. Ntchito yomasulira inagwera ine. Ndipo ine ndili ndi chibwibwi.

Si chibwibwi chija chobwerezabwereza chilembo ayi. Changa chimatseka. Liwu limafika pakhosi n'kuima ngati minibasi yothera mafuta pachitunda, makamaka likayamba ndi k, p kapena t. Ndili wamng'ono ndinaphunzira kuzemba: ndikaona liwu loopsa likubwera kutsogolo, ndimakhota n'kutola lina. M'malo mwa "pepani" ndimati "mundikhululukire", ndipo anthu amandiyesa waulemu kwambiri. N'chifukwa chake m'nkhani yonseyi muzimva ndikunena kuti chikiyi osati kiyi, ndikamakamba za chimene chili kumsana kwa Nano, loboti wa m'katuniyi. N'chachikuludi, koma si chifukwa chokhacho. "Chi" ameneyo ndi kamlatho kanga.

Dzina loti Nichijou limatanthauza moyo wa tsiku ndi tsiku, zinthu wamba. Nkhaniyi inayamba ngati ya m'mabuku azithunzi aja a ku Japan otchedwa manga. Anaijambula ndi Keiichi Arawi kuyambira mu 2006, ndipo mu 2011 kampani ya Kyoto Animation inaisandutsa katuni yoyenda, wotsogolera ntchitoyo ali Tatsuya Ishihara. Inaonetsedwa pa TV kuyambira mu Epulo mpaka mu Sepitembala chaka chimenecho. Zonse zimachitikira m'katauni kopeka kotchedwa Tokisadame, ndipo poyamba zimakhala ngati nkhani ziwiri zosadziwana.

Mbali imodzi kuli atsikana atatu a kusekondale. Yuuko ndi uja amaiwala homuweki tsiku lililonse, waphokoso, wa mtima wabwino, watsoka losatha. M'gawo loyamba lenilenilo akupereka moni wa m'mawa m'Chimalaya popanda chifukwa, ndipo posakhalitsa zidole ndi nthuli ya nsomba zikumugwera pamutu kuchokera kumwamba. Mio ndi wanzeru, amamanga tsitsi ndi timatabwa tiwiri, amajambula nkhani zachikondi mobisa, ndipo akakwiya amagwetsa aliyense amene wamuyandikira, wapolisi yemwe. Mai salankhula kwambiri, amasema tizifanizo ta Buddha, ndipo amazunza anzakewo ndi nthabwala zimene iye mwini saseka.

Mbali inayo kuli nyumba ya Shinonome. Mumakhala kamwana ka zaka 8 kamene aliyense amangokatcha Hakase, ndiye kuti pulofesa, chifukwa kamapanga makina odabwitsa ngakhale kamalira akakaletsa maswiti. Mulinso mphaka wakuda dzina lake Sakamoto, amene amalankhula chifukwa cha kansalu kofiira kamene pulofesayo anamumanga m'khosi, ndipo amafuna kuti ena onse azimupatsa ulemu ngati wamkulu wa pakhomo. Ndiye pali Nano. Nano ndi loboti. Anamupanga ndi Hakase, amaoneka ngati mtsikana wina aliyense, amaphika, amachapa, amasesa, amadandaula za ndalama ya ndiwo. Koma kumsana kwake kuli chikiyi chachikulu, chija chopukusa ngati cha mawotchi akale kapena tigalimoto ta ana. Sangatsamire bwino pampando. Sangagone chagada. Amapempha mobwerezabwereza kuti chichotsedwe, ndipo Hakase amakana, chifukwa chake n'chimodzi: akuti n'chokongola.

Chimene katuniyi imachita, kuyambira pachiyambi mpaka pafupi ndi mapeto, ndi kutenga kanthu kopanda pake n'kukakweza mpaka kumwamba. M'gawo loyamba Yuuko akudya nkhomaliro m'kalasi, ndipo kasoseji kamodzi kamene anakasungira pomaliza kakupulumuka pa timitengo todyera. Basi, nkhani yake ndi yomweyo. Koma ojambula anaigwira ngati nkhondo ya dziko lonse. Nthawi ikuchedwa, nyimbo ikukwera, kasoseji kakuuluka, Mai akutulukira ndi golovesi ya baseball, kakudumphanso, Yuuko akudziponya pansi. Akakatola n'kukadya, iwe woonera uli thukuta. Kamtsikana kanga kanaseka mpaka kugwa pampando, ndipo kanandiuza kuti ndibwezere katatu. Pamenepo sindinamasulire chilichonse. Ndinapuma.

Ndinazindikira msanga kuti magawo amene ine ndinkawakonda kwambiri anali amene sankafuna pakamwa panga. M'gawo la 6 Yuuko amutulutsa m'kalasi kuti akaime pakhonde, chilango chimene ana a sukulu a kumeneko amachidziwa kuchokera kalekale, ndipo ali pomwepo akuona ahedi a sukuluyo, bambo wokalamba wadazi, akulimbana ndi gwape pabwalo. Akugwetsedwa, akudzuka, akukwera pamalo okwera n'kudumpha, pomaliza akum'gwira gwapeyo m'chiuno n'kum'menyetsa pansi chagada ngati aja a wrestling. Palibe wina akuona koma Yuuko yekha. Akathamangira m'kalasi kuti akanene, mawu akum'kanika, chifukwa angayambire pati? Nkhope imene anapanga pakhomo paja ndimaidziwa. Ndaivalapo kambirimbiri, koma ine popanda gwape.

Nkhani ziwiri zija zimakumana pakati. Kuyambira gawo la 14 Hakase walola kuti Nano azipita kusukulu, ndipo akulowa kalasi ya atsikana atatu aja. Apa ndi pamene nthabwala ya chikiyi imasintha kukoma. Nano akufuna kuti pasapezeke wodziwa kuti ndi loboti. Akuyenda mosamala, akuyankha mosamala, wina akatchula za makina iye thukuta kamukamu. Koma chikiyicho chili poyera, chachikulu ngati chiwongolero, ndipo nthawi zina chimazungulira chokha. Dzanja lake limatha kuthothoka n'kuuluka. Pamkono pake pamatuluka keke, pamphumi pamatuluka banzi, zonse anaziika ndi Hakase osamuuza mwiniwake. Kalasi yonse ikuona. Iye yekha ndi amene akukhulupirira kuti chinsinsi chikadalipo.

Kamtsikana kanga kanafunsa kuti, "Amalume, ndiye akuganiza kuti anzakewo alibe maso?" Ndinati eya, n'kupitiriza kumasulira. Koma ndinakumbuka mmene ndili Fomu 1 ndinkakhalira kumbuyo kwenikweni, ndikuwerengera mizere ya m'buku kuti ndidziwe ndime imene idzandigwere aphunzitsi akamawerengetsa mmodzimmodzi, kenako n'kupempha kupita kuchimbudzi itatsala pang'ono kufika. Ndinkaona ngati ndine katswiri. Patapita zaka, mnzanga wina wa nthawi imeneyo anandiuza akuseka kuti kalasi yonse inkadziwa nthawi imene ndidzaimike dzanja, ndipo ena ankabetcherana.

Magawo awiri omaliza tinawaonera usiku umodzi, ndipo ndi amene andichititsa kulemba zonsezi.

Gawo la 25 ndi la Mio. Kuyambira kale timadziwa kuti amakonda mnyamata wina wa kalasi yapamwamba, Sasahara, amene amabwera kusukulu atakwera mbuzi, amalankhula ngati mwana wa mfumu pamene kwawo ndi alimi wamba. Mio sanamuuzepo kanthu. Ndiye tsiku lina akumuona akuyenda atakolana mikono ndi mtsikana wina, Misato, uja amene nthawi zonse akachita manyazi pamaso pa Sasahara amatulutsa mfuti zikuluzikulu n'kumuombera. Mio saima kuti afunse. Akutembenuka n'kuyamba kuthawa.

Kuthawa kumeneko ndi chimodzi mwa zinthu zojambulidwa bwino kwambiri zimene ndinaonapo. Akutuluka m'sukulu, akudutsa m'tauni, miyendo ikupita yokha, m'mutu mukuwira zonse zimene ankalota ndi zonse zimene tsopano akuona kuti zatha, Yuuko ali pambuyo akulephera kum'peza. Katuni imene inawononga luso lake lonse pa kasoseji tsopano ikuthira luso lomwelo pa mtima wosweka wa mwana wa sukulu, ndipo chodabwitsa n'chakuti sukudziwa ngati useke kapena ayi. Muyeso wake ndi womwewo. Kwa Yuuko kasoseji kanali chilichonse pa mphindi ija. Kwa Mio mnyamata wa pambuzi ndi chilichonse pa mphindi iyi. Ojambulawo sakusankha kuti chachikulu n'chiti. Ndinaona kuti magawo 24 onse aja ankatiphunzitsa kaonedwe kameneka, kuti likafika tsiku lolira tisadzati "aaa, za ana izi."

Kuthamangako kukuthera kumtsinje, kumene kamnyamata kena kakumira, ndipo Mio, wosweka mtima yemweyo, akudziponya m'madzi n'kukapulumutsa. Palibe amene akumuuza kuti waona, moyo uli ndi zazikulu kuposa chibwenzi. Angonyowa basi, watopa, ndipo chimene chinamupweteka chikadali pomwepo.

Kenako pakubwera makuponi. Anzake atatu, Yuuko, Mai ndi Nano, akufuna kumusangalatsa, koma palibe mmodzi wa iwo amene amadziwa kunena mawu otonthoza mwachindunji. Ndiye akukonza kasewero kopusa, timapepala tolemba pamanja ngati makuponi, ndipo Mio akudziwa bwinobwino kuti ndi iwo ngakhale akuyesa kubisala. Kapepala komaliza kakulonjeza ubwenzi wa moyo wonse. Pomasulira ndinati "kuponi", ndipo kamtsikana kanga kanafunsa nthawi yomweyo ngati ndi ya feteleza. Ndinati ayi, iyi ndi yoti ukaipereka amakupatsa mnzako. Kanaganiza pang'ono n'kunena kuti agogo akanakonda ya feteleza. Sindinatsutse.

Pali mawu ena a m'katuniyi amene okonda Nichijou amawatchula paliponse pa intaneti, onena kuti masiku wamba amene timakhalamowa mwina ndi zozizwitsa zongotsatizana. Anthu amawalemba pa zithunzi za dzuwa likulowa, ngati vesi. Ine zimenezo zimandinyansa pang'ono. Amaiwala kuti Arawi anawaika m'kamwa mwa Sasahara, mnyamata wodzimva wokwera mbuzi. Akatuluka m'kamwa mwa munthu ngati ameneyo, theka lake ndi nzeru, theka lake ndi nthabwala, ndipo ukachotsa mbuziyo watsala ndi mawu a pakalendala.

Batire inali itafika pa 40 peresenti pamene tinkayamba gawo la 26.

Ndinkayembekezera phokoso. Makatuni ambiri a mtundu umenewu akamatha amaphulitsa chilichonse chimene anasunga, anthu onse amabwera pamodzi, dziko limatsala pang'ono kutha. Nichijou inali ndi zida zochitira zimenezo. Inali itationetsa kale maloto a ufumu wa m'chombo chouluka kumene asilikali amamenyanirana timatabwa ta m'tsitsi la Mio. Koma gawo lomaliza likutsika m'malo mokwera. Likubwerera kunyumba ya Shinonome, kwa Nano, ndi ku chinthu chimodzi chimene wakhala akupempha kuyambira gawo loyamba. Hakase wavomera. Chikiyi chitha kuchoka.

Ndipo Nano akuti chikhale.

Palibe nyimbo ya nkhondo apa, palibe kuchedwetsa nthawi. Chinthu chachikulu kwambiri m'nkhani yonseyi, loboti kuvomera kuti ndi loboti, akuchichita mwakachetechete m'chipinda chochezera, ngati munthu akunena kuti tiyi wakwana shuga. Katuni imene inasandutsa kasoseji kukhala nkhondo yatenga nkhondo yeniyeni n'kuisandutsa kasoseji. Chifukwa chake tinachiona kale m'magawo a m'mbuyo: Yuuko atapita koyamba kunyumba kuja n'kuona zonse, sanadabwe, sanafunse mafunso ambiri, anangomuuza mwachidule kuti Nano ndi Nano basi. Kuyambira pamenepo chinsinsi chija chinkangofota pang'onopang'ono. Pofika gawo la 26 anzake akubwera kunyumbako kudzachita kaphwando, ndipo chikiyicho sichikutchinganso chilichonse kupatula mpando.

Ndimasulire bwanji pamenepo? Mawu ake anali osavuta, koma liwu loyamba limene linandibwerera linali "kiyi", ndipo linatseka. Ndinakhala kukamwa kuli yasa, kuwala kwa laputopu kuli kumaso, masekondi akupita, Nano wamaliza kale kulankhula. Kamtsikana kanga sikanandiyang'ane n'komwe. Kanangotambasula dzanja n'kudina batani loimitsa, ngati mmene kanachitira mausiku onse aja, kakudikira. Sindinakaphunzitse zimenezo. Sindikudziwa kuti kanayamba liti. Liwu litatuluka kanadinanso, tinapitiriza.

Tsopano ndinene chimene chandivuta, chifukwa ndakhala ndikuchitembenuza m'mutu kuyambira usiku umenewo. Mathero amenewa ndi okoma, ndipo ndi oona kwa Nano. Koma ine sindigwirizana nawo kwathunthu. Wina atabwera lero n'kundiuza kuti chibwibwichi nditha kuchichotsa ngati chikiyi, sindinganene kuti chikhale. Ndingagone chafufumimba pomwepo n'kumuuza kuti zula, usachedwe. Ndinalepherapo intavyu ya ntchito chifukwa dzina la sukulu imene ndinaphunzira linakana kutuluka, bambo wina wa pagulu lofunsalo n'kuyang'ana wotchi yake. Ndimalemba uthenga pafoni pamene kuimba kukanatha msanga. Pamaliro a bambo anga amene analankhula m'malo mwa ana ndi mng'ono wanga, ine woyamba kubadwa nditakhala pansi. Anthu amene amakonda kunena kuti chilema chako ndi chimene chimakupanga kukhala iwe, kawirikawiri ndi amene sananyamulepo chilichonse kumsana.

Komabe ndikaganiza bwino, katuniyi siinanene zimenezo. Ndi ife oonera amene timathamangira kuika phunziro pamene palibe. Nano sakunena kuti chikiyi n'chabwino. Chikadali chosokoneza, adzagonabe chammbali. Chimene chasintha n'chakuti ankachida chifukwa ankaopa kuti chidzamulanda anzake, ndipo tsopano waona kuti anzakewo anabwera chikiyicho chilipo, akuchiona tsiku lililonse. Mantha atachoka, chimene chatsala ndi chitsulo chabe, ndiponso ndi chinthu chimene kamwana kamene kanamupanga kamachikonda. Pali kusiyana pakati pa kulemera kwa chinthu ndi kulemera kwa kuchibisa. Kwa Nano kubisako ndiye kunali katundu yense. Kwa ine mwina ndi theka. Theka linalo ndi lenileni, ndipo palibe kuponi imene ingalichotse. Koma theka si pang'ono. Zaka zonse zija za kuwerengera mizere ndi kuthawira kuchimbudzi ndinkasenza mbali imene siinkafunika kusenzedwa, kubisira anthu amene ankabetcherana kale.

Chinanso chimene ndinachimva mochedwa ndi nyimbo zotsekera. Theka loyamba la katuniyi lili ndi nyimbo yake imodzi, koma kuyambira gawo la 14 gawo lililonse limatseka ndi nyimbo ina, ndipo zonsezo ndi nyimbo za kwaya zimene ana a ku Japan amaimba kusukulu. Ya gawo lomaliza ndi Tabidachi no Hi ni, imene imaimbidwa pa mwambo wotsanzikana ophunzira akamaliza sukulu, m'mwezi wa Malichi. Inapekedwa mu 1991 pasukulu ina ya ku Chichibu, m'chigawo cha Saitama. Mawu analemba ndi ahedi, maimbidwe ake anaika ndi mphunzitsi wa zoimba, ndipo kenako inafalikira dziko lonselo. Ndiye Mjapani amene ankaonera gawo limeneli mu 2011 ankamva chinthu chimene ine ndi kamtsikana kanga sitikanachimva: nyimbo ya tsiku limene iye mwini anasiyana ndi anzake a kusukulu. M'nkhanimo palibe amene akumaliza sukulu. Mawa lake Yuuko adzaiwalanso homuweki. Kutsanzikanako anakubisa m'nyimbo, kuti akumve okhawo amene anaimbapo. Kwa ife inangokhala nyimbo yokoma ya chinenero chachilendo, ndipo sindinayese n'komwe kuimasulira.

Itangotuluka, katuniyi siinagulidwe kwambiri pa madisiki kwawoko, ndipo magawo ena opitiriza nkhaniyi sanapangidwe. Kutchuka kwake kunabwera pambuyo, makamaka kudzera m'tizidutswa timene anthu amatumizirana pa intaneti: gwape uja, kasoseji kaja, Mio akugwetsa wapolisi. Ambiri amene amadziwa tizidutswato sanafikepo pa gawo la 26, ndipo amaganiza kuti Nichijou ndi phokoso lokhalokha. Arawi anamaliza mabuku ake mu 2015 atafika pa buku la 10, kenako anayambiranso mu 2021.

Pali chinthu china chimene sindinakauze kamtsikana kaja. Pa 18 Julaye 2019 munthu wina anathira petulo n'kuyatsa nyumba imene ojambula a Kyoto Animation ankagwiriramo ntchito, ku Fushimi mumzinda wa Kyoto. Anthu 36 anafa. Mmodzi mwa iwo anali Futoshi Nishiya, amene anakonza maonekedwe a anthu a mu Nichijou kuti athe kuyenda pa TV, ndiye kuti nkhope ya Yuuko pakhomo paja ndi chikiyi cha Nano zinadutsa m'manja mwake. Ndinazidziwa izi tili pakati pa magawo, nditafufuza dzina la kampaniyo pafoni masana ena. Usiku wake ndinaonera mosiyana. Kasoseji kaja sikanauluke kokha. Panali anthu amene anakhala pa desiki masiku ambiri akujambula chithunzi chimodzichimodzi, kuti kanthu kopanda pake kagwe bwino, ndipo ena a iwo anapita kuntchito m'mawa wina wamba osabwerako. Sindikufuna kupangapo phunziro. Ndikungonena kuti kuyambira pamenepo mayina aja oyenda kumapeto sindinawadumphenso, ngakhale sinditha kuwerenga chilembo ngakhale chimodzi cha Chijapani, ndipo batire inkadyeka.

Gawo lomaliza litatha, mayina akukwera, laputopu inali pa 9 peresenti. Kamtsikana kanga kanakhala chete kwakanthawi, miyendo itapindidwa pampando, kenako kanati, "Amalume, inuyo mukanachotsa?"

Sikananene kuti chiyani. Sindinafunsenso.

Ndinati, "Eya. Ndikanachotsa."

Kanagwedeza mutu ngati munthu amene wamva yankho la masamu limene amaliyembekezera. "Bwenzi tikuonera atatu pa usiku," kanatero. "Mumachedwetsa."

Ndinaseka mpaka achemwali anafuula kuchokera kuchipinda kuti anthu akugona. Ndinati titseke, batire yatha. Kanati ayi, yatsala ya gwape, ndipo kanali katayamba kale kufufuza gawo la 6.